Sipanala Yopindidwa pa Mbaula

Ine ndinanena. Ndinanena m'mawa wa Loweruka lomwelo, tisananyamuke ku Chinyonga, ndipo mboni ilipo, ndi Felicia mdzukulu wanga.

A Kingstone, akamwini anga, amuna a mwana wanga Miriam, anali atatsegula boneti ya pikapu yawo. Pansi pa galimotoyo panali ponyowa ngati pagona mbuzi. Iwo dzanja anali atalipisa kuseri kwa injini mpaka m'chigongono, maso ali kumwamba, ngati munthu wofufuza mbewa ku una.

Kwathu ku Nsanje mpongozi salankhula ndi mkamwini maso ndi maso, sakhala naye mphasa imodzi, ndipo samukhudza. Ana a m'tauni amati zimenezo n'zakale, koma ine ndinakula nazo ndipo ndidzafa nazo. Choncho ndinalankhula ndi Felicia, ngakhale abambo ake anali pomwepo.

"Felicia, uwauze abambo ako kuti dzanja lisamapite kumene diso silinafike. Polowa limalowa lowonda, potuluka limakhala litanenepa. Wotchiyonso avule."

A Kingstone sanacheuke. "Felicia, uwauze agogo ako kuti galimotoyi ndayenda nayo zaka khumi ndi zinayi. Imandidziwa."

"Ndakuuzani nonse awiri," anatero Felicia, mbatata ili mkamwa.

Sindikana, ine ndimachenjeza kwambiri. Ndimauza anthu kuti asakhale mpando wa pakhomo mu minibasi, asaime pansi pa mawaya a magetsi kukachita mitambo, asadye nsomba akuseka. Pakhomo pano anandipatsa dzina loti a Wailesi, poganiza kuti sindimva. Ndimamva. Koma munthu amene anaona madzi a Shire akulowa m'nyumba kawiri sakhala chete akaona pansi ponyowa.

A Kingstone anathira madzi mu injini, n'kutseka boneti, n'kunena kuti tiyeni.

Ulendo unali wa ku Chigumula, kukatenga chimanga changa. Kumeneko ndili ndi kamunda kobwereka, kuseri kwa nyumba ya mayi wina wokazinga mandasi, a Vailet. Ndinalima ndekha ndi msana wangawu, ndinapalira ndekha, ndinakolola masiku anayi, ndipo chimanga chinali chitaunjikidwa pamunda, chosenda kale, chouma bwino. Chimanga chotero sichigona panja. Akuba akachisiya, mvula sichisiya. Ndipo m'mawa umenewo mawondo anga anali atandiuza kale kuti chiperoni chili m'njira, mvula yowaza ija ya kuno kumapiri imene ikayamba imatha masiku atatu osaona dzuwa. Chikanyowa chimachita chuku, ndiye kuti chaka chonse tizikagula ufa wa m'mapepala.

Pokwera, Felicia anakhala kutsogolo ndi abambo ake. Ine ndinakhala kumbuyo, pamatumba opanda kanthu, chifukwa sindingakhale phewa ndi phewa ndi mkamwini. Mphepo ya mu Limbe inandimenya mpaka misozi.

Felicia ameneyu ndi makaniko. Anaphunzira zaka zitatu ndipo amagwira ntchito pa galaja ina ku Limbe, pakati pa amuna okhaokha. Tsiku limene anayamba ndinamuuza kuti galimoto idzamugwera, ndipo ndimamuuzabe m'mawa uliwonse. Anthu amabwera kuchokera ku Ndirande kudzamufuna iye ndi dzina, koma abambo ake sankamulola kukhudza pikapu yawo, ngakhale kupukuta galasi. Ankati mwana amene anamusintha matewera sangawauze za injini. Anali ndi bokosi lawo lofiira la masipanala, logula kwa amwenye, sipanala iliyonse ili ndi pogona pake, zonyezimira ngati masipuni a pa ukwati. Ankazipukuta Lamlungu lililonse akachoka ku tchalitchi. Kuzigwiritsa ntchito sindinawaonepo.

Tinafika bwino, tinapakira bwino. Matumba anadzaza galimoto mpaka kupitirira denga la kutsogolo. Dzuwa litapendeka pang'ono tinanyamuka. Koma kuchokera kumunda kukafika ku msewu wa tala pali kachitunda, ndipo pakati pa kachitundako, pakhomo penipeni pa a Vailet, utsi woyera unatuluka mu boneti ngati aphika mowa. Galimoto inaima. Madzi anali kuchucha pansi, akuyenderera kubwerera kumunda.

Ndinayang'ana cha ku Thyolo. Mapiri sankaonekanso. Kunali kotuwa ngati bulangete la m'chipatala.

Tinadikira kuti injini izizire. Felicia anabwereka kagalasi ka a Vailet kodziyang'anira, n'kukalowetsa kuseri kwa injini, n'kuwalitsa ndi foni. Abambo ake anamulekerera chifukwa kuyang'ana si kukhudza.

"Ndaliona vuto," anatero. "Pali kapaipi kachitsulo kopititsa madzi. Kamagwidwa ndi mabawuti awiri. La pamwamba lili bwino. La pansi lamasuka, ndiye madzi akuthawira pomwepo. Likungofuna kumanga basi. Sipanala yake ndi ya nambala thwelofu."

"Thwelofu ndili nayo," anatero a Kingstone, ndipo anatsegula bokosi lofiira pamaso pa anthu amene anali atayamba kusonkhana. Ndinaona kuti mtima wawo unakondwa kuti tsiku la bokosilo lafika.

Koma bawuti limenelo analiika ndi munthu wodana ndi anzake. Linali pakati pa injini ndi khoma la galimoto, pamalo pongokwana zala zitatu. A Kingstone anayamba ndi soketi, kachitsulo kaja kovala mutu wa bawuti ngati chipewa. Kanali katali, kanagunda khoma. Anatenga shifiting'i, sipanala ija yokula ndi kuchepa pakamwa. Mutu wake unali wonenepa, sunalowe n'komwe. Anatenga sipanala wamba ya thwelofu, yowongoka. Imeneyo inalowa, inalinunkhiza bawutilo, koma mchira wake unatsamira paipi ndipo sinathe kuyenda ngakhale pang'ono. Anayesa chopendeketsa, anayesa chozondotsa. Thukuta linayamba kudontha pamphuno.

"Pa galaja tili ndi ina yokhota," anatero Felicia, "koma abwana atseka, apita ku maliro ku Zomba ndi makiyi."

Bambo wina wokonza njinga pafupi pomwepo anabwera ndi thumba lake lonse n'kulikhuthula pansi. Munali zitsulo zambiri, zina zadzimbiri, zina zothyoka, koma zonse zowongoka. Anatolera zake n'kukhala pamwala kuti aonere.

Mphepo inasintha. Inayamba kununkha dothi lonyowa.

Apo a Kingstone anavula jekete, anapinda malaya, natenga pulayala yaing'ono.

"Felicia," ndinatero ine, "uwauze abambo ako zija ndinanena m'mawa."

"Adadi, agogo akuti wotchi."

"Uwauze kuti wotchiyi ndi ya kampani, anandipatsa nditayendetsa lole zaka makumi awiri osagunda ngakhale nkhuku. Siichoka pamkono."

Anakankha kapaipi kaja ndi dzanja lamanzere kuti kapatuke, lamanja n'kulilowetsa ndi pulayala. Linalowa. Tinamva kachitsulo kakugwa pansi, inali pulayala ija. A Kingstone anakoka pang'ono. Anakokanso. Kapaipi kanali katabwerera pamalo pake, ndipo kanakhala ndendende kuseri kwa wotchi, ngati mpiringidzo wa chitseko.

"Adadi, tulutsani dzanja ndione."

"Ndikuganiza kaye."

"Mukuganiza ndi dzanja?"

Wokonza njinga uja anaseka mpaka kutsokomola. A Vailet anabwera ndi mafuta a mandasi m'kapu, Felicia anathira, koma mafuta sathandiza pamene chagwira ndi chitsulo. A Kingstone akamakoka, dzanja limatupa. Likamatupa, amakoka. Felicia anamasula bawuti la pamwamba, lija losavuta, koma kapaipi kanangogwedera pang'ono. La pansi lija, ngakhale linali lomasuka moti n'kutaya madzi, linali ndi dzimbiri, ndipo linkagwirabe.

"Tsopano silikufunanso kumanga lokha," anatero Felicia. "Liyambe latuluka, ndiye dzanja lituluke, ndiye tilimange. Ndipo njira ya pamwamba mwatseka ndi inuyo, adadi. Yatsala ya pansi."

M'maganizo ndinaona chimanga changa chitachita chuku, ndinaona mkamwini akumudula dzanja ku chipatala, ndinaona Miriam akundifunsa kuti amayi munali pomwepo. Ndiye m'mantha momwemo ndinakumbukira a Paston.

A Paston, malemu amuna anga, ankakonza mathirakitala ku minda ya nzimbe ku Nchalo. Analibe bokosi lofiira. Zitsulo zawo ankasunga m'thumba la feteleza, ndipo theka la izo zinali zokhota ngati miyendo ya ziwala. Ankazikhotetsa okha pakhomo, ndipo wokupiza moto ndinali ine, zaka zambirimbiri, mwana ali kumsana. Ankati sitolo imagulitsa sipanala ya bawuti, koma ya njira yopitira ku bawutiko umapanga wekha.

"Felicia, tapeza waya."

Anandiyang'ana. A Vailet anamasula kawaya pa chingwe chawo choyanikira zovala.

"Agogo ako aamuna ankayamba atumiza waya kuti akafunse njira. Ulowe nako pansipo, ukapinde mpaka nsonga yake ikhudze bawuti, ndipo mchira ukhale pamalo poti dzanja lako likhoza kuyenda. Ukatuluke nako osakawongola."

Ndinanena ndekha, ndi pakamwa panga, kuti mdzukulu wanga alowe pansi pa galimoto yodzaza matumba, yoima pa chitunda. Ndisanamulole ndinatola miyala inayi ikuluikulu n'kuika kuseri kwa tayala lililonse, kenaka ndinawonjeza ina inayi. Felicia anayala thumba, analowa chagada. Ine ndinagwira mwendo wake kuti chikachitika chinthu ndimukoke.

"Agogo, mukundikoka kale."

"Ndikuyeserera."

Anatuluka ndi waya wopindika pawiri, pafupi ndi nsonga kamodzi, pakati kamodzi. Anauyang'ana, anayang'ana bokosi lofiira, ndipo ndinaona kuti wamva zonse ndisanamalize.

"A Vailet," ndinatero, "tiphulireni mandasiwo, mbaula tibwereke. Muwonjezere makala, aja olimba."

A Kingstone anali chiweramire pa injini, tsaya lili pa chitsulo, koma diso limodzi linkaona. Anaona mwana wawo akutola thwelofu yonyezimira ija.

"Felicia, ukupita nayo kuti?"

"Kukaiphika, adadi."

"Imeneyo ndi ya seti. Ukaiwononga seti yonse yatha. Bwera nayo kuno."

"Bwerani mudzatenge."

Anthu anaseka, ngakhale a Vailet anabisa nkhope m'chitenje. Ine sindinaseke, mkamwini sasekedwa. Ndinangotenga chivundikiro cha ndowa n'kugwada pa mbaula.

Manja anakumbukira okha. Kukupiza kwake si kwa mandasi, umakupiza pansi, pakamwa pa mbaula, mofulumira ndi mosalekeza, mpaka makala asiye kufiira ayambe kuyera. Felicia anakwirira khosi la sipanala pakati pa makala, mutu uli kunja kuti usapse. Kunyezimira kuja kunathawa, chitsulo chinada, kenaka chinayamba kufiira ngati chiwindi.

"Yapsa," anatero Felicia.

"Sinapse. Ukaipinda pano ithyoka. Dikira ifike ngati tomato wakupsa, wofuna kuphulika."

Dontho loyamba la mvula linandigwa pakhosi. Ndinakupiza ngati ndili ndi zaka makumi awiri. Wokonza njinga uja anadzuka pamwala, nayamba kufunditsa matumba ndi lona popanda womutuma.

Itafika pa tomato, Felicia anaigwira ndi pulayala, anathamanga nayo kumbuyo kwa galimoto kumene kuli chitsulo chabowo chokokera, anailowetsa m'bowomo, anaveka paipi ya jeke kumchira, n'kutsamira. Chitsulo chinagonja ngati nzimbe yanthete. Anayerekeza ndi waya uja, anabweza pamoto, tinakupizanso, anapindanso pachiwiri. Itagona pambali pa waya, zinali mapasa.

Ndiye anatenga kapu ya madzi.

"Usayerekeze," ndinatero, ndipo ndinamugwira dzanja. "Agogo ako aamuna anachitapo zimenezo kamodzi, ali pa changu. Sipanala inathyoka ngati chinangwa pa bawuti loyamba, kachidutswa kanawalasa pachipumi. Ikwirire m'phulusa izizire yokha."

"Agogo, mvula."

"Mvula ndaiona kale kuposa iwe. Phulusa."

Tinaikwirira. Kudikira kumeneko sindidzakuiwala. Mvula inali kuwaza pang'onopang'ono, lona anali waufupi, matumba awiri akumbuyo anali pamtunda, ndipo ndinawafunditsa chitenje changa chakunja. Felicia sanakhale chabe, anang'amba katoni ya sopo n'kudula kachidutswa kabowo pakati, koti akatsekere polumikizira paipi madzi asadzathawenso.

Sipanala itazizira moti n'kugwirika ndi nsanza, Felicia analowanso pansi. Ine ndinagwiranso mwendo. Tinamva chitsulo chikugogoda, chikufufuza, kenaka chinakhala chete.

"Yagwira," anatero mawu ochokera pansi.

Bawuti linalira ngati khoswe. Linaliranso. Felicia ankatembenuza pang'ono, kuchotsa, kugwiranso, kutembenuza, ndipo ndinkamva mwendo wake ukulimba ndi kumasuka m'manja mwanga. Kenaka anatulutsa dzanja, bawuti lili pachikhatho, ladzimbiri, lalifupi ngati chala changa chaching'ono. Kanthu kochepa chotero.

Kapaipi kanapatuka. Koma dzanja la a Kingstone linali litatupa ndipo linali litachita dzanzi, iwo samatha kulitembenuza okha. Felicia anali pansi akugwira paipi kuti isabwerere. A Vailet anali atathamangira kukaanula zovala. Wokonza njinga manja ake anali ngati mafosholo. Panatsala ine.

Ndinayang'ana kumbali, ndinathira mafuta a mandasi m'manja, ndinagwira mkono wa mkamwini wanga. Zaka makumi awiri ndi zisanu chikwatireni mwana wanga, ndinali ndisanawakhudzepo ngakhale chala. Ndinalowetsa zala zanga zowondazi, ndinapeza lamba wa wotchi, ndinamasula, wotchi inagwera pansi, pambali pa Felicia. Ndinapotoza mkono pang'ono ngati mmene timatulutsira mwana wa mbuzi wobwera chopingasa, ndipo dzanja linatuluka.

Linali ngati chinkhupule, khungu litasupuka pamfundo zonse. A Kingstone analiyang'ana, kenaka anayang'ana pansi.

"Takhuta, amayi," anathokoza m'chilankhulo cha kwathu, chimene sindinkadziwa kuti amachidziwa. Sanatume Felicia.

Ndinavula duku n'kuwamanga. Nanenso sindinatume munthu. "Musalitsitse, muliimike pamwamba pa mtima."

Kumanga kunali kosavuta. Felicia anaika kakatoni kaja, anabweza mabawuti onse awiri, la pansi analimanga ndi sipanala yathu yokhota mpaka linakana. Tinathira madzi a m'ndowa ya a Vailet. Felicia anagona pansi kachitatu kuyang'ana. Panalibe dontho ngakhale limodzi.

Tsono galimoto ayendetse ndani? Dzanja lamanja linali mu duku. A Kingstone anaima kanthawi, mvula ikuwawaza, kenaka anapisa dzanja lamanzere m'thumba, movutikira, natulutsa makiyi. Felicia anawalandira ndi manja awiri, atapinda bondo, ngati mwana woleredwa. Koma ndinaona mano ake.

Injini inalira kamodzi kokha. Anthu a pa Chigumula anaomba m'manja, a Vailet analuluta, ndipo anatiponyera mandasi anayi pawindo.

Panali pofunika munthu wokhala kumbuyo kuti agwire lona mphepo isamuulutse. Panalinso poti mpongozi ndi mkamwini sangapanikizane pampando umodzi, zija za mkono zinali za ngozi, zinathera pomwepo. Ine ndinayamba kukwera kumbuyo monga mwa masiku onse, koma a Kingstone anati, "Felicia, uwauze agogo ako akhale kutsogolo."

Ndinakhala kutsogolo koyamba. Muli kamphepo kofunda kotuluka kumapazi, sindinkadziwa. Njira yonse ndinamuuza Felicia kuti achepetse liwiro, asayandikire malole, asakhulupirire minibasi ikaima, ndipo iye ankangoti eya agogo, eya agogo, sipanala yokhota ili pamiyendo panga ndi kufunda kwake.

Chimanga chinalowa m'nyumba chouma. Matumba awiri okha ndiwo ananyowa pakamwa, ndipo tinayanika pabalaza. Titangotseka chitseko chiperoni chinatsika chenicheni, ndipo chinakhala masiku anayi.

A Kingstone ndiwo anadutsa mu Limbe yense atakhala pamwamba pa matumba, mvula ikuwatsikira m'khosi, dzanja lomangidwa duku lamaluwa ataliimika m'mwamba monga ndinawauzira. Oitanira minibasi pa siteji ankaganiza kuti akuwapatsa moni, ndipo ankabweza. Wina anakuwa kuti, "Abwana, mwawina mavoti angati?" Anadwala chimfine sabata yathunthu. Dzanja linatenga masabata awiri kuti liphwe, ndipo masiku onsewo ankadya ndi sipuni ngati mwana wa mkaka, Miriam akuwadulira nyama. Wotchi ya kampani inasweka galasi, inaima pa nthawi yomwe inagwa, ndipo ili m'kabati. Sipanala ija anaibweza m'bokosi lofiira, koma siilowanso pogona pake, ndiye chivundikiro sichitsekeka. Amachimanga ndi mphira ya njinga.